Kuka, Dambwe ndi Kalasi m'Mapiri a Chiwere

Msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima ukafika pa Chezi umakhala utatsala pang'ono kuyamba kutsetsereka. Kumanzere kuli mphambano yolowera ku Dowa boma, msewu umene umapitirira ku Dzaleka mpaka kukakumana ndi wa ku Kasungu. Kutsogolo kuli Mvera, ndipo ukapitirira apo mphepo yozizira imakusiya, n'kuyamba kumva chifundizi cha kunyanja. Apaulendo ambiri amangodziwa Chezi ngati poima kugula tomato ndi anyezi. Komatu mapiri amenewa, kuyambira kuno mpaka ku Kongwe ndi kunkhalango ya Ntchisi, anaona mkangano wautali wolimbirana mwana. Achewa, Angoni ndi amishoni, aliyense pa nthawi yake, anafuna kuti mwana wa kuno akule m'njira yawo. Ndikaika zimene akuluakulu amakamba pambali pa zimene zinalembedwa, ndimaona kuti nthawi zonse ankapambana ndi amene ankakhala ndi mwanayo dzuwa likalowa.

M'mudzi wa Achewa wakale mwana sankakulira pamiyendo pa bambo ake. Bamboyo anali mkamwini, wobwera kudzamanga banja kwa eni mudzi, ndipo mawu omaliza pa za ana anali a atsibweni awo, mwini mbumba. Ngakhale mayi, ntchito yawo inali ndi polekezera. Mwana akaguluka mano, nzeru n'kuyamba kubwera, ankachotsedwa m'nyumba ya makolo. Mtsikana ankapita kukuka kwa agogo ake, kukagona ndi anzake a mbumba imodzi, pamene mnyamata ankapita kumphala. Mwana wozindikira sankayenera kuona kapena kumva za kuchipinda. Panalinso mantha a mdulo, nthenda yotupitsa imene anthu ankakhulupirira kuti imagwira wina pakhomo ngati malamulo a kuchipinda ndi a mchere aphwanyidwa.

Kukuka n'kumene kunali sukulu yoyamba, ndipo nzeru ya makolo inali pa kusankha mphunzitsi. Pakati pa mwana ndi womubereka pali ulemu wolemera, woti zina sizingatuluke pakamwa. Pakati pa mdzukulu ndi agogo pali nthabwala. Gogo amaitana mdzukulu wake wamwamuna kuti “amuna anga”, wamkazi n'kumamuti “mkazi mnzanga”, ndipo m'nthabwala zomwezo mumadzera zinthu zimene mayi sangayerekeze kutchula. Anthu akakolola, ntchito itachepa, madzulo gogo ankati “Padangokhala”, ana n'kuvomera “Tili tonse”, kenako n'kubwera kalulu ndi ukathyali wake, fisi ndi dyera lake, ndi mtsikana uja wokana amuna onse amene anatsirizira kukwatiwa ndi chilombo. Nthano zambiri zinali ndi nyimbo yoti ana azivomera, choncho wowodzera ankadziwika msanga. Zina zinkabwera ngati zoopseza: ukakhala pa fuwa utuluka zithupsa. Mwana ankadzazindikira atakula kuti agogo ankangomuteteza ku moto.

Masana kunali masanje. Ana ankamanga timisasa kuseri kwa mudzi, n'kugawana maudindo: uyu bambo, uyu mayi, uyu mfumu, uyo fisi wodzaba chakudya. Atsikana ankaphika nsima yeniyeni ndi ufa wa chimanga chokunkha. Palibe wamkulu ankaimirira kuti aphunzitse, koma zonse zimene ana ankachita kumeneko zinali zotengera zimene anaona kwa akulu, mpaka kakambidwe ka mlandu wa banja.

Kumphala anyamata ankakhala pafupi ndi madoda osema mipini ndi oluka malichero. Kudya kunali kwa chidyerano: mbale zinkachokera m'nyumba zonse n'kukumana pamalo amodzi, amuna paokha, amayi paokha. Mnyamata ankaphunzira kuti wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja, kuti nthuli saithamangira, ndi kuti mwana wamasiye amadya mbale yomweyo ndi mwana wa mfumu. Mlandu ukagwa pabwalo ankakhala kumbuyo, chete, kumvetsera mmene nkhoswe imayambira mawu, mmene mwambi umodzi umagwetsera munthu amene walankhula kwa nthawi yaitali, ndi nthawi imene anthu amaomba m'manja.

Zonsezi zinali kukonzekera mwambo waukulu. Mtsikana akatha msinkhu sankauza mayi ake. Ankauza agogo kapena mayi wina wamkulu, nkhani n'kukafika kwa anamkungwi, anamkungwi n'kukaitula kwa mfumu. Mfumu yake inali ya mzinda, chifukwa si nyakwawa iliyonse inali ndi mphamvu yovinitsa chinamwali kapena kukhala ndi dambwe. Namwali ankapatsidwa phungu womuyang'anira ndi kumumasulira zophiphiritsa. Malangizo ankaperekedwa m'tsimba ndi kumtengo, kunja kwa mudzi, ndipo ambiri anali m'nyimbo, m'magule ndi m'zoumba, moti thupi linkawasunga ngakhale mutu utaiwala. Pa mkangali namwali ankatuluka atasenza chingondo kumutu, mudzi wonse ukuonerera, pomaliza n'kumetedwa. Mimba yoyamba inali ndi mwambo wakenso, chisamba, ndipo mwana akabadwa anamkungwi omwewo ankabwera kudzalangiza za kudika ndi za kumutengera kumphasa.

Mnyamata naye ankatengedwa ndi phungu wake kupita kudambwe, kufupi ndi manda, makolo atapereka nkhuku. Za kumeneko sindizilemba pano. Eni ake anaziika m'manja mwa ometa okha, ndipo ine ndilemekeza zimenezo. Chodziwika kwa aliyense n'chakuti mnyamata wamwano, wotukwana amayi ake kapena wolowa kuchipinda kwa makolo, mbiri yake inkakhala itafika kale kudambwe iye asanafike, ndipo ankabwerako atasintha kayendedwe. Pabwalo, mbalule ikamalira, zilombo zinkaphunzitsa mudzi wonse: Kasiyamaliro wa makolo, Chadzunda wokalamba woyenda motsimphina, ndi zina zoseketsa zoonetsa khalidwe limene munthu sayenera kutengera. Kholo pa zonsezi linkangopereka zofunika ndi kufupa. Kulangiza kwenikweni kunali kwa ena.

Kenako kunabwera nkhondo. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, ndipo iye atamwalira cha mu 1848 mtundu unagawikana. Gulu lina linadzakhazikika m'mapiri a Dowa pansi pa Chiwere Ndhlovu. Achewa ena anagonja n'kukhala pansi pa Angoni, ena anamanga malinga, ena anathawira pamwamba pa mapiri ndi m'nkhalango ya Ntchisi. Mayina a mafumu a kuno akusungabe mbiri imeneyi: Chiwere ndi Msakambewa ku Dowa, Vuso Jere ku Ntchisi, pakati pa mafumu a Achewa monga Dzoole ndi Kayembe.

Angoni anali ndi kaleredwe kawo, kotsutsana ndi ka Achewa pafupifupi pa chilichonse. Mwana anali wa kwa bambo, chifukwa ng'ombe za malowolo zinapita. Mnyamata ankakulira kubusa, kumene wamkulu ankalamula wamng'ono ndipo ndodo inkathetsa mkangano, usiku n'kukagona m'nyumba ya anyamata okhaokha, kudikira tsiku lodzanyamula chishango. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, analemba buku lonse la kaleredwe kameneka, Children of Their Fathers. Ungoni unali chinthu chophunzitsidwa. Ogwidwa kunkhondo ankaleredwa mpaka kusanduka Angoni, ndipo olemba mbiri amati Chiwere mwiniyo anali Mnsenga wotengedwa pa ulendo. Tsono njira yomweyo inawatembenukira. Ankhondo a Chiwere anakwatira akazi Achichewa, ndipo ana awo anayamwa, kuberekedwa kumsana ndi kuimbiridwa nyimbo m'Chichewa. Pasanathe mibadwo yambiri Chingoni chinatha pakamwa, n'kutsalira m'ziwongo, m'nyimbo za ngoma ndi pa mpando wa ufumu. Lero mungapeze wa kwa Jere kapena wa kwa Ndhlovu amene anameta kudambwe, ndipo palibe amadabwa.

Pa 28 Novembala 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anamanga msasa pa Mvera atalolezedwa ndi Chiwere. Mu 1894 Robert Blake anatsegula Kongwe m'dziko la Msakambewa, ndipo Nkhoma inatsatira mu 1896, chaka chomwe Angerezi anapha Gomani, mfumu ina ya Angoni. Mphamvu ya nthungo inali ikutha, ndipo amishoni anabwera ndi chida china. Anayala masukulu m'midzi, mphunzitsi wake mnyamata wa komweko amene waphunzira pang'ono kumishoni. Ana ankaloweza zilembo ndi mavesi mofuula, onse pamodzi. Wofuna ubatizo ankalowa kalasi kwa zaka, kuloweza Katekisma, akulu a mpingo akuyang'anira mayendedwe ake. Pa Mvera anatsegulanso nyumba yogonera atsikana, kumene ankaphunzira kusoka, kuwerenga ndi kusunga pakhomo. Amishoni anadziwa kuti mtsikana wogona kukuka sangamusinthe ndi maola ochepa a m'kalasi. Mu 1922 Buku Lopatulika, limene W.H. Murray anatsogolera kumasulira kwake, linatuluka lathunthu, ndipo m'nyumba zambiri za kuno ndilo linali buku loyamba kulowamo.

Mpingo unaletsa gule, chinamwali, mowa ndi mitala. Mafumu ena anatsata njira yatsopanoyi ndi mtima wonse, monga Msyamboza wa ku Chibanzi, amene analandira sukulu yochokera ku Kongwe n'kulimbika pa ulimi ndi malonda. Koma m'midzi yambiri dambwe silinagonje. M'zaka za m'ma 1920, pamene fodya wa chikopa anayamba kubweretsa ndalama m'zigwa za Lilongwe ndi Dowa, gule anachita kuwirikiza. Aphunzitsi ankadandaula kuti ana akutengedwa kusukulu kupita kudambwe, eni mizinda ankadandaula kuti sukulu ikuphunzitsa ana mwano, ndipo milandu inkafika mpaka kwa a DC. Gule anayankhanso mwa njira yake. Pabwalo panatuluka Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndi Maliya wovina monyang'wa. Mlendo uja anali atalowetsedwa m'gulu la zilombo, kuti ana amuone ndi kumuseka.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri m'mbiri yonseyi chinachitikira m'kati mwa mpingo momwemo. Ataletsa chinamwali, panatsala dzenje. Mtsikana wa Chikhristu akatha msinkhu panalibe womuuza kanthu. Mayi ake sakanatha, chifukwa manyazi aja ubatizo sunawachotse. Mbusa ndi mwamuna. Dona wa kumishoni sankadziwa chimene mkazi Wachichewa amayenera kudziwa polowa m'banja. Anthu a m'mudzi ankanyoza atsikana oterewa kuti ndi ana, osadziwa mwambo, ndipo amayi ena a mpingo ankawatumiza mobisa kwa anamkungwi, n'kulolera kudulidwa zikadziwika. Amayi Achikhristu eni ake ndi amene anakakamira kuti pakhale njira, mpaka mpingo unakhazikitsa chilangizo. Unasankha alangizi, amayi okhwima a mbiri yabwino, oti azilangiza mtsikana akatha msinkhu, polowa m'banja, pa mimba yoyamba ndi mwana akabadwa. Anyamata anapatsidwa alangizi awo. Chigwirizano cha amayi chitayamba mu 1940, ntchitoyi inapeza pokhazikika. Isabel Apawo Phiri anaifotokoza bwino nkhani imeneyi m'buku lake la 1997 lonena za amayi Achichewa a m'Sinodi ya Nkhoma.

Mukaziyang'anitsitsa, nthawi zinayi zimene alangizi amabwera n'zomwezija zimene anamkungwi ankabwera. Ng'oma inachotsedwa, chingondo chinachotsedwa, pemphero ndi vesi zinalowa, koma mfundo yoti mwana amalangizidwa ndi munthu wina osati womubereka inakhala pomwepo. Mpingo umene unabwera kudzathetsa unamkungwi unamaliza n'kudzoza anamkungwi akeake.

Sindikunena kuti zakale zonse zinali zokoma. Kutsimba kunali kumenya ndi kuchititsa manyazi. M'malo ena pomaliza pa chinamwali pankabwera fisi, mwamuna wolowa kwa mtsikana usiku iye asanafune, ndipo palibe mwambi ungayeretse zimenezo. Mtsikana wovinidwa ankaonedwa kuti wakonzeka kukwatiwa ngakhale ali wamng'ono. Chilangizo chinachita bwino kuchotsa izi. Koma nachonso chinataya kanthu. Mawu onenedwa ndi mayi atakhala pampando, buku lili m'manja, salowa mofanana ndi nyimbo imene waivina mpaka thukuta. Amayi achikulire ena, a mpingo omwe, amanena poyera kuti chilangizo chimazungulira pamene anamkungwi ankalunjika.

Mwana wa sukulu za mishoni zomwezi, Samuel Ntara, ndiye anayesa kusamutsira kuka papepala. Buku lake la Nthondo, la 1933, linapambana mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa, ndipo Cullen Young analimasulira m'Chingerezi chaka chotsatira. Ndi nkhani ya kukula kwa mnyamata wa kumudzi, kuyambira kubadwa mpaka ufumu. Ntara analembanso mbiri ya Msyamboza ndi Mbiri ya Achewa, atayenda kufunsa nkhalamba. Ana amene makolo awo anawaletsa kupita kudambwe anadzamva za Kalonga ndi Makewana kuchokera m'buku la mphunzitsi wa Nkhoma. Dr. Kamuzu Banda, amene mu 1946 anathandizana ndi Cullen Young yemweyo kutulutsa buku la miyambo lotchedwa Our African Way of Life, atatenga boma anakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, n'kumaitanira gule pamisonkhano yake. Zilombo zimene kale zinkatuluka pa maliro ndi pa chinamwali zinayamba kukwera malole kupita kukavina pamaso pa nduna. Ulemu zinaupeza, koma kuopsa kwake kunayamba kuchepa pamenepo.

M'zaka zonsezi amuna a kuno ankapita ku Halale ndi ku Joni, ena kwa zaka zambiri, mpaka Kamuzu anaimitsa Wenela, bungwe lowatengera ku Joni, mu 1974 ndege yake itagwa ku Francistown. Munthu angayembekezere kuti kaleredwe kanasokonekera. M'midzi ya chikamwini sikanagwedezeke kwenikweni, popeza amene anachokawo sanali aphunzitsi ake. Agogo, atsibweni okalamba ndi anamkungwi anali pomwepo.

Chimene chinagwedeza mudzi ndi Edzi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 inatenga anthu a msinkhu wapakati, amene akanadzakhala aphungu, alangizi ndi ankhoswe. Gogo amene kale ankalandira adzukulu madzulo atadya kale kwa amayi awo, tsopano anayenera kuwalimira, kuwaphikira ndi kuwafunira sopo. Wotopa chotero sakamba nthano. Pa Chezi pomwepa masisitere a Katolika ali ndi malo a St Mary's, olerera ana amasiye ndi onyentchera, chinthu chimene mudzi wa chidyerano sukanachimvetsa. Akatolika, amene parishi yawo ya Chezi ili m'manja mwa ansembe a White Fathers, anabwera ndi miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana timene Episkopi Patrick Kalilombe analimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo nawonso ali ndi alangizi awo.

Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, mkangano wa m'ma 1920 unabwereranso ndi nkhope ina. Tsopano ndi aphunzitsi aakulu ndi mafumu amene amakhala pansi kugwirizana kuti dambwe ndi tsimba zizidikira tchuthi. M'midzi ina zilombo zomwezo zimatumidwa m'mawa kukathamangitsa ana ojomba kuti apite kusukulu; a Murray akanadzuka sakanakhulupirira. Lamulo la 2013 linaletsa miyambo yovulaza, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangalowe m'banja. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti magulu a ku Dowa ndi Ntchisi amapita ku Mkaika, ku Zambia, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Koma kuka kukutha, ndipo palibe lamulo kapena chikondwerero chimene chikuyang'ana kumeneko. Nyumba ya malata ya zipinda zitatu inabweza ana kwa makolo. Mtsikana akugona khoma limodzi ndi mayi ake, koma manyazi akale akadalipo, moti zofunika sizikambidwa. Madzulo anyamata a pa Chezi ali kuvidiyo kapena aunjikana pa foni imodzi. Alangizi amabwera tsiku limodzi, mwina kutatsala sabata kuti ukwati uchitike, kudzathira m'maola atatu zimene gogo ankadontheza kwa zaka khumi. Sindikudandaula za foniyo. Mwana amamvera amene ali naye pafupi, monga ankachitira ana a ankhondo a Chiwere.

Malo amodzi amene mudzi wonse ukusonkhanabe ndi pa maliro. Uthenga ukamveka, ntchito zimaima. Atsikana amatunga madzi ndi kutola nkhuni pamodzi ndi amayi awo, n'kuona amene amagona m'nyumba ya siwa ndi amene amaphika panja. Anyamata okulirapo amatsatira adzukulu, okumba manda, m'bandakucha, kukagwira khasu ndi kumva nthabwala zimene adzukulu okha amaloledwa kunena. Mfumu imalankhula, mwini mbumba amafotokoza kadwalidwe, chipepeso chimawerengedwa mudzi ndi mudzi, ndipo amene sanabwere amadziwika. Ngati womwalirayo anali wa mpingo, amayi a Chigwirizano amatsogola ndi nyimbo, a gule n'kukhala nawo mwaulemu. Ngati anali wometa, a mpingo amabwera kudzakhuza, kuphika ndi kukumba nawo, koma ng'oma ikayamba ambiri amasuntha n'kukakhala patali. Zimavuta ndi za munthu amene anameta ali mnyamata n'kudzabatizidwa atakula, mwinanso n'kudulidwa pambuyo pake. Pamenepo akulu a mpingo ndi eni dambwe amakambirana kuseri kwa nyumba, nthawi zina mpaka dzuwa kupendeka, mwini mbumba ndi mfumu ali pakati, nsima ikuzizira m'mabeseni, kufikira atagwirizana amene anyamule bokosi.